Kathirakitala kaja ka m'shedi: tikadzutse kapena tigulitse?

Wapampando: Moni nonse a kwathu, a kumudzi ndi a m'tauni. Nkhani ndi kathirakitala ka matayala awiri kaja kali m'shedi kuseri kwa nyumba ya a gulupu. Ndi Dongfeng, injini yake ndi S195 ya dizilo, silinda imodzi, mahosipawa 12. Ena akuti tisonkhe tikakonze kuti kazilima m'madimba ndi kututa kachewere kupita naye ku Lizulu. Ena akuti tigulitse kwa ogula zitsulo. Tiyankhulepo tisanayambe kusonkha.

Msungichuma: Langa ndi limodzi bambo wapampando. Tisonkhe zingati? Kuyambira pomwe kwacha inagwa mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya womwe wauzidwa Lolemba sufika nawo Lachisanu.

A Maseko, makaniko: Mayi msungichuma, mtengo sungadziwike injini isanatsegulidwe, ndipo wina akakupatsani mtengo asanagwire sipanala akukunamizani. Choyamba n'chaulere. Munthu alowetse handulo, akweze kachitsulo kaja kotsegula vavu, apukuse. Fulayiwilo ikazungulira, tili ndi mwayi. Ikakana, musakakamize ndi chitsulo chachitali, mupinda konirodi, chitsulo chomwe chimagwira pisitoni. Chotsani nozo, yomwe imapopera dizilo m'silinda, thirani dizilo wosakaniza ndi oyilo pabowopo, musiye masiku atatu kapena anayi, kenako muzigwedeza fulayiwilo uku ndi uku pang'onopang'ono.

Chachiwiri, solani dipisitiki. Oyilo wakuda bii si vuto, wangokalamba. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa m'sampu. Pa injini izi silivi, chitsulo changati paipi momwe pisitoni imayendamo, imakhudzana ndi madzi mwachindunji, ndipo kumunsi kwake kuli timphira tiwiri totchinga. Injini ikakhala zaka osalira timphirato timauma n'kung'ambika. Apo ndiye kuti silivi ituluka basi, ndipo ikatuluka musabwezeretse timphira takale ngakhale tioneke tabwino bwanji.

A Naphiri: Pepani achimwene, musanapite patali. Ife kuno timalima mizere. Makasu ozungulira aja amangofewetsa dothi n'kulisiya lathyathyathya. Ndiye tiwononge ndalama kenako tigwirenso khasu kuunda mizere? Bwanji tigulitse, tiwonjezere, tigule ng'ombe ziwiri ndi ngolo? Ng'ombe sizifola pamzere wa dizilo.

A Jere: Achemwali anena zoona pa mizere, koma pali rija, chida choundira mizere chomangirira kumbuyo, ndipo wowotcherera aliyense waluso atha kuipanga ndi chitsulo cha pulawo yakale. Mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, zimatheka bwinobwino. Chomwe sindingavomere ndi kukalowetsa kumtunda mu Seputembala ndi Okutobala dothi lili gwaa. Makasu ake amatha msanga, tcheni cha rotaveta, chida cha makasu ozungulira chija, chimaduka. Ntchito yake yeniyeni ndi m'dimba, pachinyontho, pokonzera kabichi, tomato ndi kachewere wa m'chilimwe. Rotaveta yake imalima masentimita 60 m'lifupi, makasu 18. Muwerenge atsala angati. Mukamagula, makasu alipo opindikira kumanja ndi opindikira kumanzere, musabwere ndi mtundu umodzi.

Za ng'ombe, zimafuna wodyetsa chaka chonse, dibi, khola lolimba, ndiye akuba nawonso sagona.

A Maseko, makaniko: Ndipitirize. Injiniyi isakuopseni, ndi yapachibale ndi zomwe zimayendetsa zigayo zambiri, masipeya ake amapezeka ku Malangalanga ndi ku Limbe. Ngati mpweya ukuthawa, mugula zinthu izi pamodzi: silivi, pisitoni, maringi, pini yake, timphira tiwiri tija, gasiketi ya hedi ndi mabering'i a konirodi. Musagule maringi okha kuika m'silivi yakale yomwe ili ndi kamzere kogwira chikhadabo kumtunda kwake. Iliradi, koma pakatha mwezi iyamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi wabuluu. Ndipo wopita kukagula atenge zakalezo m'manja. S195 pisitoni yake ndi mamilimita 95, S1100 ndi 100, m'bokosi zimaoneka zofanana.

Pomanga, mipata ya maringi isayang'ane mbali imodzi, muitalikitse mozungulira, ndipo isagwere pomwe pali pini. Hedi ipite kukayesedwa ngati ili yosapindika, muyang'anenso mng'alu pakati pa mavavu awiri. Mavavu muwapere ndi phala lake mpaka pokhalira pachite mzere wotuwa wosadukiza. Mpata wa mavavu injini ili yozizira: wolowetsa mpweya mamilimita 0.35, wotulutsa utsi 0.45, ndi fila geji, timapepala tachitsulo toyezera mpata, osati ndi maso.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa magiya a taimingi. Injiniyi ili ndi mashafiti awiri oletsa kunjenjemera, ndipo giya lililonse lili ndi chizindikiro chokhomedwa. Mukaphonya dzino limodzi injini ilira ndithu, koma izivina mpaka mabawuti a chasisi kumasuka okha. Jambulani ndi foni musanachotse giya lililonse. Chimodzimodzi timapepala tachitsulo tili pansi pa pampu ya dizilo: ndi tomwe timakonza nthawi yopopera mafuta. Muwerenge kuti tilipo tingati, tibwerere momwemo.

Mlembi: Nanga nozo ndi pampu, tigule zatsopano?

A Maseko, makaniko: Nozo yesani kaye. Imangeni kupaipi yake ili panja, pukusani handulo. Yabwino imapopera ngati nkhungu n'kulira kuti tsi, tsi. Ikamadontha kapena kuponya ngati mkodzo, sinthani kansonga kokha. Dzanja lisakhale kutsogolo kwake, dizilo ameneyo amaboola khungu. Thanki ya dizilo ichotsedwe itsukidwe, pansi pake mupezamo dzimbiri ndi madzi.

A Jere: A Maseko akukamba za injini chifukwa ndi yomwe imamveka, koma chomwe chingatigwetse ndi giyabokosi. Injini ikakanika titha kugula ina yathunthu n'kuikapo, ndi mabawuti ochepa ndi malamba. Giyabokosi simungaitole paliponse. Khuthulani oyilo wake m'beseni, pititsani maginito pansi. Fumbi lachitsulo losalala ndi la ukalamba. Tizidutswa ta mano ndiye nkhani ina. Kwezani makinawo pa zipika, lowetsani magiya onse, asanu ndi limodzi akutsogolo ndi awiri obwerera, muone ngati lina likutuluka lokha. Gwedezaninso matayala, akamasewera mabering'i a ekiselo atha. Giyabokosi ikapezeka yophwanyika, ine ndigwirizana ndi a Naphiri, tigulitse, kapena injiniyo tiimangirire pampu ya madzi.

A Naphiri: Apo ndiye mwayamba kulankhula. Koma funso langa lina simunayankhe. Adzayendetsa ndani? Chinthu cha gulu aliyense amati n'changa pogwiritsa ntchito, chikawonongeka n'cha eni.

Malume a ku Tsangano: Funso limenelo ndi la moyo, osati la ndalama zokha. Makinawa amakhota ndi tizogwirira tiwiri ta pa mahandulo. Pamalo athyathyathya ukafinya kamanzere umakhotera kumanzere. Pamtsetse, ngolo yodzaza ikukankha kumbuyo, zimatembenuka: ukafinya kamanzere makina amathawira kumanja. Ndi zitunda zathu zino, mwana wosaphunzitsidwa akathera m'ngalande. Potsika alowetse giya laling'ono asanayambe kutsika, asachotse giya, asafinye tizogwirirato, akhote ndi mphamvu ya manja. Ngolo ikhale ndi buleki yakeyake yogwira, ndipo katundu asapitirire tani imodzi. Matumba a kachewere osokerera aja musawerenge ngati a makilogalamu 50.

Chinanso ndi chisanu cha Juni ndi Julaye. M'mawa injini izi zimavuta kudzuka. Muthire madzi otentha m'thanki yake ya madzi, idikire pang'ono, ilira. Musayatse moto pansi pa sampu. Ndipo ikaphwetsa madzi ili pantchito, muisiye izizire. Mukathira madzi ozizira pa hedi yotentha, hedi itha kung'ambika pomwepo.

Msungichuma: Ndiye kuti woyendetsa akhale mmodzi, ndi womuthandiza mmodzi, olipidwa. Wobwereka asamapatsidwe makina, azilipira ntchito. Pantchito yolemera imamwa malita ngati awiri pa ola, choncho mtengo wa ola ukhale ndi dizilo, malipiro a woyendetsa ndi gawo losungira masipeya. Kulipira kukhale pa Mpamba kapena Airtel Money ntchito isanayambe. Ngongole ya "ndikakolola" ayi.

A Maseko, makaniko: Muwonjezere kabuku kolemba maola. Ikangomangidwa iyende ndi katundu wopepuka, oyilo woyamba atayidwe msanga chifukwa amakhala ndi fumbi la maringi atsopano, kenako azisinthidwa maola 100 alionse. Pamwamba pa chivundikiro cha mavavu pali kachizindikiro kofiira kamene kamakwera oyilo akamayenda. Kakapanda kukwera, zimitsani nthawi yomweyo. Fyuluta ya mpweya ndi yamtundu wokhala ndi oyilo mkati, nthawi ya fumbi itsukidwe tsiku lililonse. Malamba asinthidwe onse pamodzi, watsopano mmodzi pakati pa akale amasenza yekha katundu n'kuduka. Mukawadina ndi zala pakati alowe masentimita awiri kapena atatu. Dizilo wa m'zigubu akhale masiku awiri adikhe, muthire wapamwamba kudzera pansalu.

A Naphiri: Ine sindisonkha kufikira nditaona chithunzi cha maginito aja atatuluka m'beseni.

Wapampando: Zamveka mayi. Loweruka 8 koloko kushedi. A Jere abweretsa beseni ndi maginito a sipikala ya wailesi yakale, a Maseko masipanala ndi fila geji. Mlembi apemphe makiyi kwa a gulupu Lachisanu madzulo, ndipo wina aone ngati handulo ikadalipo, chifukwa pa chithunzi chomwe mwatumiza chija sikuoneka.