Nissan 1400 yanga yaima masabata asanu: ndiyambire pati?

Wa ku Ntcheu (Turffontein, Johannesburg), 2 Meyi 2020

Akuluakulu, landirani moni, ndipo ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mabanja anu m'nyengo yovutayi. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mumadziwa bwino za injini zakale.

Ndili ndi pikapu ya Nissan 1400 ya chaka cha 1998, imene ndinagula zaka zinayi zapitazo, ndipo ndi imene imandidyetsa chifukwa ndimanyamulira makwerero, penti ndi zipangizo zina ndikapeza ntchito yopenta nyumba. Chiyambire m'bindikiro wa Covid-19 kuno ku South Africa pa 27 Malichi, galimotoyi sinatulukepo pageti. Poyamba Pulezidenti Ramaphosa ananena masiku 21, kenako anaonjezera masabata awiri, ndipo dzulo talowa gawo lachinayi la m'bindikirowu, limene likuletsabe kuyenda kuyambira 8 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Ine ntchito sindinayambebe.

Poopa kuti batire lingathe, ndakhala ndikuiliza m'mawa uliwonse kwa mphindi zisanu, kenako n'kuzimitsa. Sabata ino sitata yayamba kuzungulira mwaulesi, ndipo Lachinayi inangoti ke-ke-ke, injini osalira. Handibuleki ndinaikoka tsiku limene ndinaimika, ndipo sindinaitsitsepo.

Maganizo anga anali akuti nthawi imene ndikungokhalayi ndiigwiritse ntchito pokongoletsa galimotoyi. Mu Febuluwale ndinagula kwa mnzanga kabureta ya Weber 32/36 yogwirapo kale ntchito, ndipo ili m'katoni pansi pa bedi. Ndimafuna ndiimange, ndidule pang'ono masipuling'i akutsogolo kuti galimoto itsike, ndiponso ndipente marimu. Ndalama zimene ndingaike pa zonsezi sizipitirira R2,000. Kodi ndiyambire pati, ndipo kodi Weber imeneyi munthu angaimange yekha pakhomo popanda katswiri?

Makaniko wa ku Ndirande, 2 Meyi 2020

Achimwene, mwachita bwino kulongosola zonse, chifukwa ambiri amangoti galimoto yakana kulira osanena zimene akhala akuichita. Ine ndakhala m'galaja zaka zoposa 20, ndipo ndikuuzani mosabisa kuti Weber ija muisiye kaye m'katoni mwake mpaka galimoto itayamba kulira ndi kuima bwino ndi zimene ili nazo kale.

Chimene chafooketsa batire lanu ndi kuliza kwa mphindi zisanu komweko. Sitata imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo injini ikamangolira poima, alternator, imene imatchaja batire injini ikamalira, siyingabweze zonsezo m'mphindi zochepa chomwecho, kotero tsiku lililonse mumatapa kwambiri kuposa zimene mumabwezera. Pali vuto linanso limene silioneka msanga. Petulo akamayaka amatulutsa nthunzi, ndipo injini ikazimitsidwa isanatenthe bwino, nthunziyo imasanduka madzi m'kati mwa ekizozi ndi mu oyilo. Tsegulani chivundikiro cha pothirira oyilo muone kunsi kwake. Mukapeza phala loyererako ngati chambiko, dziwani kuti ndi madzi amenewo.

Bwerekani mita yoyezera magetsi muyeze batire galimoto itagona usiku wonse. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 V, ndipo likatsika kufika 12.2 V ndiye kuti latsala ndi theka. Litchajeni ndi chaja pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo ngati lili la mtundu wotsegula pamwamba, onani ngati madzi akuphimba mapuleti. Akachepa muthire madzi a batire okhaokha, osati asidi kapena madzi a pampopi. Injini ikalira, mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.4 V, apo ayi vuto lili ku alternator kapena lamba wake. Masiku amene simukuyenda, masulani waya wa ku negativu. Tsiku lopita kukagula chakudya tengani galimotoyo, ndipo iyende mpaka geji ya kutentha ifike pamalo pake.

Handibuleki itsitseni lero lomwe. Kumbuyo kwa galimoto yanu kuli mabuleki a madiramu, ndipo mashuzi akakhala ofinyidwa nthawi yaitali amamatirira ku diramu chifukwa cha dzimbiri. Ikani giya yoyamba, ndipo mupinge matayala ndi njerwa kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaona kuti tayala lina lagwira, gogodani diramu ndi hamala mutatsamiza kamtengo, musakakamize ndi injini.

Ntchito yabwino ya m'bindikiro ndi imene imafuna nthawi yambiri koma masipeya ochepa, ndipo pa injini ya A14, imene ili m'galimoto yanu, ntchito yotere ndi yambiri. Chotsani mapulagi muwaone mtundu wake: akakhala ofiirira ngati khofi wa mkaka zili bwino, akakhala akuda ndi mwaye ndiye kuti petulo akuchuluka. Ikani mpata wa mavalavu pa 0.35 mm injini ili yotentha. Palani malo amene waya wa ethi wagwira bodi kufikira chitsulo chiwale. Tsukani kabureta imene ilipoyo, chifukwa petulo akauma m'kambale kake amasiya utomoni umene umatseka majeti, timabowo todutsa petulo. Ndipo ngati simukukumbukira tsiku limene munasintha mafuta a mabuleki, asintheni, popeza mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya ndipo amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Pa R2,000 yanu ija, ine ndikanayamba ndi zimenezi.

Kuno kwathu m'bindikiro umene boma linalengeza kuti uyambe pa 18 Epulo unaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu, choncho magalaja ndi otsegula. Komabe mabasi a ku Johannesburg, amene amatibweretsera masipeya ambiri, anasiya kuyenda, ndipo pakhomo pangapa pali magalimoto awiri otsegulidwa injini amene akudikira gasketi yokha. Musamasule chinthu chimene mulibe chobwezerapo m'manja.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndikuchinena ndi mtima wonse. Musalowe pansi pa galimoto imene yakhazikika pa jeke yekha kapena pa mabuloko a simenti. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anachita zimenezi ine nditachokapo, buloko linaphwanyika, ndipo diramu inamutsikira padzanja. Zala ziwiri sizipindika mpaka lero. Gwiritsani ntchito masitandi achitsulo, ndipo tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa bodi.

Namwino wa ku Leicester, 3 Meyi 2020

Achimwene a ku Turffontein, za injini akulu a ku Ndirande anena kale, ndipo ine sindingaonjezerepo kanthu. Ndifuna ndinene za matayala ndi liwiro, chifukwa ndimayendetsa tsiku lililonse kupita ku ntchito ndipo ndikuona zimene zikuchitika m'misewu.

Kuno ku Britain boma linaonjezera miyezi isanu ndi umodzi kwa magalimoto amene nthawi yawo ya MOT, kuyezedwa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu, inakwana kuyambira pa 30 Malichi. Anthu ambiri amva ngati akhululukidwa zonse, chikhalirecho lamulo likunenabe kuti galimoto ikhale yoyenera pamsewu, ndipo mizere ya tayala isachepere 1.6 mm. Ine nditamva zimenezi ndinagwada pansi n'kuyang'ana matayala anga, ndipo ndi pamene ndinaphunzira kuwerenga msinkhu wa tayala. M'mbali mwake muli mawu akuti DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Langa lakumbuyo linalembedwa 2312, kutanthauza sabata la 23 m'chaka cha 2012, ndipo ngakhale mizere inali ikadalipo, m'mbali munali ming'alu ing'onoing'ono ngati ya chidendene m'chilimwe. Musanapente marimu, yang'anani kaye rabala amene ali pamarimupo. Komanso tayala likaima malo amodzi nthawi yaitali limaphwatalala pansi, choncho onjezerani mpweya ndipo muziikankha galimotoyo pang'ono sabata iliyonse.

Misewu ili mbee, ndipo ndikamabwerera m'mawa kuchokera ku ntchito ya usiku ndimapitiriridwa ndi achinyamata othamanga ngati ali pa mpikisano. Munthu akamanga kabureta yatsopano mtima umafuna kukaiyesa, ndipo msewu wopanda anthu umakopa. Ndikupemphani kuti mudziletse. M'zipatala mabedi ndi anamwino alunjika kwa odwala Covid-19, ndipo wovulala pangozi masiku ano amagona yekha popanda wachibale womuzonda. Ndiponso musalize injini m'galaja yotseka, chifukwa mpweya wakupha wa mu utsi wa ekizozi sununkha ndipo suoneka.

Mwini 1400 mnzanu (Pretoria West), 3 Meyi 2020

Achimwene, ine ndili ndi galimoto yonga yanu ya 2003, ndipo Weber 32/36 ndinaimanga ndekha zaka zitatu zapitazo. Ndikugwirizana ndi akulu a ku Ndirande kuti batire ndi mabuleki ziyambe, koma ndisiyana nawo pang'ono pa mfundo yoti katoni isatsegulidwe. Kuimanga kudikire, koma kuiphunzira kuyambe pano, chifukwa nthawi yonga ino simudzaipezanso ntchito zikatsegulidwa.

Manambala aja 32/36 akutanthauza kukula kwa makhosi ake awiri m'mamilimita. Mukamayenda modekha limagwira ntchito ndi la 32 lokha, ndipo la 36 limatseguka pokhapokha mwaponda kwambiri. N'chifukwa chake ena amati Weber simwa petulo, pamene ena amati imamwa kwambiri. Onse akunena zoona, kusiyana kuli paphazi la woyendetsa. Kuti ikhale pa injini ya A14 pamafunika puleti yolumikizira ku manifodi, magasketi atsopano, sefa ya mpweya yoyenerana nayo, ndiponso kusintha kakokedwe ka waya wa akisileta. Funsani mnzanu uja ngati anakupatsani zonsezi, chifukwa ambiri amagulitsa kabureta yokha.

Nkhani yaikulu ndi majeti. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka kuposa wa ku Durban kapena Cape Town. N'chifukwa chake kuno timathira petulo wa okiteni 93 pamene kugombe amathira 95. Kabureta yotchereredwa kugombe, kapena yochotsedwa pa injini yaikulu ya malita awiri, ikabwera pa 1400 kuno imathira petulo wochuluka kuposa mpweya. Ine ndinalakwitsa pomwepo. Yanga inachokera pa injini yaikulu, ndinaimanga osayang'ana majeti, ndipo m'masabata awiri mapulagi anada bii, utsi unkaluma m'maso, ndipo thanki inkatha ngati yabooka. Choncho itulutseni m'katoni, muiyale patebulo pansalu yoyera, mujambule ndi foni chilichonse musanamasule, ndipo mulembe m'kope manambala odindidwa pa jeti iliyonse. Mashopu akatsegula mudzapita mukudziwa chimene mukufuna, ndipo kutchera komaliza mudzapereke kwa munthu amene ali ndi makina oyezera utsi.

Za kudula masipuling'i, chonde musachite. Sipuling'i yodulidwa siikhazikika bwino m'mbale yake, mashokapu amafika pamapeto msanga, ndipo matayala akutsogolo amadyeka mbali imodzi. Inu mumanyamula makwerero ndi zigubu za penti, ndipo galimotoyi inapangidwira katundu. Anaipanga ku Rosslyn, kuno ku Pretoria, mpaka chaka cha 2008, ndipo anzathu olankhula Afrikaans amaitcha kanniedood, kutanthauza chinthu chosafa, chifukwa chakuti ndi yosavuta kukonza ndipo imapirira. Zimene ndaziona zitaonongeka msanga zambiri ndi zimene eni ake anazitsitsa ndi galayinda. Ngati mukufunadi kuti itsike, sungani ndalama mudzagule masipuling'i opangidwira zimenezo.

Marimu pentani, ndipo pamenepo inu ndiye katswiri kuposa tonsefe. Mukatero yang'ananinso pansi pa mphasa ya kumapazi ndi m'makona a bodi yakumbuyo, chifukwa dzimbiri la 1400 limayambira mmenemo.

Wa ku Ntcheu (Turffontein, Johannesburg), 5 Meyi 2020

Akuluakulu ndi inu achemwali a ku Leicester, zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu. Ndachita monga munanenera ndipo ndabwera kudzakuuzani zimene ndapeza.

Mita ndinabwereka kwa mwini nyumba, ndipo batire linaonetsa 11.9 V. Nditalitchaja usiku wonse lafika 12.5 V, injini yalira nditangoyesa kamodzi kokha, ndipo ikulira mita ikuonetsa 14.1 V. Phala loyera lija ndalipezadi kunsi kwa chivundikiro, choncho oyilo ndi sefa yake ndisintha sabata ino. Tayala lakumbuyo kumanzere linali litagwira, ndipo lamasuka nditagogoda diramu kanayi. Nditatsegula diramuyo ndapeza kuti m'kati muli chinyontho cha mafuta a mabuleki, shuzi imodzi yanyowa, ndipo fumbi lake lasanduka matope akuda. Ndikanakhala kuti ndinayamba ndi Weber, ndikanatuluka nayo pamsewu ili chomwecho, makwerero ali pamwamba.

Masipuling'i sindidula. Weber ndaiyala patebulo ndipo ndajambula zonse. Puleti yolumikizira mulibe m'katoni, ndipo mnzanga uja wavomera kuti anaichotsa pa injini ya malita awiri.

Funso langa tsopano likupita kwa inu akulu a ku Ndirande. Popeza silinda yaing'ono ya mabuleki ikudontha mbali imodzi yokha, kodi ndisinthe marabala ake okha, kapena ndigule masilinda awiri atsopano pamodzi ndi mashuzi a mbali zonse ziwiri? Ndatsala ndi R1,600, ndipo galimoto ili pa masitandi awiri amene ndabwereka mpaka Loweruka.