Thandizeni, diso la amuna anga layamba kuyera pakati

Membala wosadziwika: Admin ndibisireni dzina chonde. Ndili ku Salima kuno, amuna anga diso lakumanzere likuwawa masabata ndithu, lafiira, misozi sikuleka ndipo pakuda paja patuluka kadontho koyera ngati ufa. Dzuwa sakufuna kuliona, akungobindikira m'nyumba. Ku health centre anawapatsa tetracycline wofinya uja palibe chasintha, ndiye ndinapita ku famase ina mtsikana wogulitsa anandipatsa madiropu oti amachotsa kufiira, kunachepadi poyamba koma pano kadontho kaja kakula. Mtsikana yemweyo ndi amene anandigulitsa kirimu wa ziphuphu nkhope yanga mpaka kutuluka timitsempha tofiira, nditabwerera akuti khungu lanu ndi lovuta mayi. Apongozi nawo akuti ndawalodza ndine chifukwa tinakangana za ndalama ya feteleza, alamu anatenga njinga sanabwezebe ndiye mayendedwe ndi vuto. Wina wati mwina ndi fangasi, kodi ndingawapake kirimu wa chipere m'disomo? Ulipo kale pakhomo.

Nachisale wa Saluni: Asisi nkhani ya kirimu ija yandikhudza kwambiri. Ine ku saluni kwanga ndimaona nkhope zopsa tsiku ndi tsiku, munthu wakuda m'masaya muno, khungu lopyapyala loti ungolikanda pang'ono magazi. Makirimu amenewo ambiri muli mankhwala amphamvu a steroid monga betamethasone kapena clobetasol, ena hydroquinone woyeretsa khungu, ndiye ogulitsawo sadziwa n'komwe, amangoona kuti akuyenda malonda. Mufunseni kuti khungu la mafuta lidzole chiyani akupatsani woyeretsa basi!

Bambo a Tadala: Mayi musayerekeze kuyika kirimu wa chipere m'diso, ameneyo ndi wa pakhungu. Ine ndimagwira ntchito ya zamaso. Tandiuzeni, chinawalasa china chake m'diso asanayambe kudwala? Mpunga, tsamba la chimanga, kamtengo? Komanso pa botolo la madiropuwo palembedwa chiyani?

Mphwanga wa ku Dwangwa: Langa linapita choncho. Tsamba la nzimbe linangondikhwekhweza m'diso ndikudula, ndinkati ndi zazing'ono, ndinadontheza zamasamba za agogo ena. Pofika ku chipatala cha maso ku Nkhoma anati ndachedwa. Pano ndimaonera limodzi ndipo pa ntchito anandichotsa osandipatsa kanthu, nkhani ili ku labour mpaka lero.

Mayi Abusa: Mkaka wa m'mawere umathandiza, ana anga onse ndinawatero. Koma za apongozizo musazipeputse, pempherani.

Nachisale wa Saluni: Mkaka m'diso la munthu wamkulu Mayi Abusa?? Ndi zomwezi anthu akuthera maso. Koma ine ndibwerere pa mafamase, bungwe loyang'anira mankhwala ndi mafamase la PMRA lili kuti? Aliyense akungotsegula shopu n'kuikamo mdzukulu wake wa Form 4 azigulitsa. Kasitomala wanga wina ankadzola kirimu wa steroid mpaka m'zikope zaka ndithu, kuchipatala anamupeza ndi pressure yokwera ya m'maso.

Jay Kamuzu Road: Alamuwo abweze njinga kaye, diso lina likadaona bwino awazindikire kkkk

Tiya Pharm: Aunt Nachisale musatiphatikize tonse. Famasisiti weniweni amaphunzira zaka ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndipo satifiketi imakhala pakhoma, funsani muione. Anthu inu mumabwera ndi chithunzi cha pa Facebook kuti ndikufuna uyu, tikakana mumakagula kumsika.

Nachisale wa Saluni: Mwana wanga satifiketi pakhoma mwini wake ali ku Lilongwe, pakauntala pali wina. Ndipo ngakhale ophunziranu za khungu mumazidziwa pang'ono, sunscreen mumati ndi wa achialubino okha. Ndanama?

Membala wosadziwika: Zoona aunt, ine mpaka pano nkhope sinabwerere, ndidzole chiyani? Botolo analitenga apongozi akuti akalionetse kwa munthu wawo.

Bambo a Tadala: Mayi simunandiyankhe za kulasidwa. Ngati madiropuwo muli steroid monga dexamethasone kapena betamethasone ndiye amachepetsa kufiira koma fangasi amakula msanga, asadonthezenso mpaka awonedwe. Tetracycline amapha mabakiteriya, fangasi samukhudza. Pamafunika kupala pachilondapo pang'ono n'kuona pa maikulosikopu. Akapezeka fangasi mankhwala ake ndi natamycin 5%, mumakhutchumula botolo kaye ndipo poyamba amadontheza ola lililonse usana ndi usiku, chifukwa misozi imakokolola mankhwala ndipo olowa mkati mwa diso ndi ochepa kwambiri. Zimatenga masabata, osasiya poti ululu wachepa. Mawa m'mawa apite ku Salima District Hospital akafunse a zamaso, akawatumiza ku chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central musazengereze. Diso musalimange nsalu.

Mphwanga wa ku Dwangwa: Ola lililonse usiku ndani angakwanitse achimwene, ine ndinkagona.

Nachisale wa Saluni: Asisi za nkhopezo, clobetasol sasiyidwa kamodzin'kamodzi ngati mwadzola nthawi yaitali, nkhope imalusa. Sopo wosanunkhira, Vaseline wamba, chipewa padzuwa. Ndipo Tiya sunandiyankhe za sunscreen.

Tiya Pharm: Ndili pa ntchito aunt, ndiyankha madzulo.

Membala wosadziwika: Amalima mpunga ku Lifuwu koma zoti china chinawalasa sanandiuze, sitikuyankhulana bwino chiyambire nkhani ya feteleza ija. Vaseline wake wa blue seal yemweyu aunt?