Kusintha ndekha oyilo ndi fyuluta pa Corolla NZE121: ndiyambire pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndili ndi Corolla NZE121 ya 2003, injini 1NZ-FE, yotomatiki, yayenda makilomita 210,000. Ndikufuna kusintha oyilo ndi fyuluta pakhomo Loweruka lino. Ndigule oyilo wanji, malita angati? Nanga bawuti ya pansi ija imamangidwa mpaka pati? Ndikuopa kupha mazinga.

Makaniko wa ku Ndirande: Achimwene, injini imeneyo imamwa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, choncho chigubu cha malita 4 chikukwanani ndipo wina atsalako. Ngati siikutulutsa utsi wabuluu, ikani 5W-30 kapena 10W-30. Ngati yayamba kudya oyilo pang'onopang'ono, 10W-40 ndi wabwino. Koma 20W-50 amene ambiri amathamangira akangomva kuti galimoto ndi yakale, ine sindimuvomereza pa injini iyi. Ili ndi VVT-i, makina osintha nthawi yotsegukira ma valve, imene imagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, ndiye oyilo wolemera amachedwa kufika kumutu kwa injini m'mawa kukazizira.

Lizani injini mphindi zisanu kuti oyilo afunde, osati atenthe, kenako zimitsani. Ikani pa P, kokani handibuleki, tsekerani matayala akumbuyo. Tsegulani chotsekera cha pamwamba pothirira oyilo. Bawuti ya sampu, chibeseni cha pansi pa injini chosunga oyilo, imafuna sipanala ya 14, ndipo ikhale ya ring'i kapena soketi. Sipanala yotsegula kukamwa ndi imene imadya makona a bawuti. Yambani ndi sipanala, malizani ndi zala mukuikankhira mkati, muisolole mwachangu. Siyani oyilo akhe mphindi khumi.

Mayi wa garaja ku Area 25: Ndiwonjezerepo chinthu chimodzi chimene sindichita nacho nthabwala. Musalowe pansi pa galimoto itakhala pa jeke yokha, ndipo njerwa zowotcha kapena mabuloko a simenti si zotchinjirizira, zimaphwanyika popanda kuchenjeza. Pezani ma stand awiri, zitsulo zokhazikapo galimoto ikakwezedwa, kapena muikweze pa matabwa ochindikala pamalo olimba ndi osalala.

Komanso yang'anitsitsani bawuti imene mukumasula. Giyabokosi ya otomatiki nayo ili ndi bawuti yake yotulutsira pansi pomwepo. Mukaona zofiira zikutuluka, mwamasula ya giyabokosi, bwezerani msanga. Zikachitika zoterezi munthu osadziwa, amathira malita ena anayi mu injini yodzaza kale, uku giyabokosi ili youma.

Wofunsa: Zikomo mayi, za giyabokosizo sindinaziganizire. Nanga fyuluta ndi kamangidwe ka bawuti?

Makaniko wa ku Ndirande: Bawuti imamangidwa 38 Nm. Ngati mulibe torque wrench, sipanala yoyezera kulimba kumeneku, bawutiyo ilowetseni ndi zala mpaka ikhale pansi, kenako mukoke pang'ono ndi sipanala yaifupi, dzanja limodzi. Osaikapo paipi. Ikalimba isanafike kumapeto, yapingasa mazinga, ibwezeni muyambirenso. Gulani washa watsopano wa 12 mm. Wakale anaphwatalala kale, ndiye amadontheza, munthu n'kumangolimbitsa bawuti mpaka mazinga a sampu atha. Onaninso kuti washa wakale sanamatirire pa sampu.

Fyuluta ili kutsogolo kwa injini cha pansi, mumaifikira kuchokera kunsi. Ikani beseni pansi pake chifukwa imatuluka ndi oyilo wake. Mukaichotsa, onani ngati labala wake watuluka nayo. Akatsalira pa injini inu n'kumangirapo yatsopano, malabala awiriwo amatsegula mpata injini ikangolira, ndipo oyilo yense amathera pansi m'kanthawi kochepa. Pukutani pokhalira pake, pakani oyilo watsopano pa labala wa fyuluta yatsopano, zungulizani ndi dzanja mpaka labala akhudze, kenako onjezerani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Basi. Chomasulira fyuluta ndi chomasulira, si chomangira.

Wogulitsa ma spare ku Mzuzu: Pogula, tengani nambala ya chassis kapena fyuluta yakaleyo mukafananitse mazinga ndi kukula kwa labala. Ikakhala yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, kapena zolemba zake zikufufutika ndi chala, isiyeni. Oyilo naye gulani wa m'chigubu chomata, osati wopimidwa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu.

Mayi wa garaja ku Area 25: Pothira, yambani ndi malita 3.5. Lizani injini osaponda moto, nyali yofiira ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani injini pomwepo. Suzumirani pansi pa bawuti ndi pa fyuluta, zimitsani, dikirani mphindi zisanu galimoto itatsika pamalo osapendekeka, kenako yezani ndi dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, n'kuwonjezera mpaka pafupi ndi chizindikiro cha pamwamba. Mukapitirira, crankshaft, chitsulo chozungulira cha pansi mu injini, imamenya oyiloyo n'kuchita thovu, ndipo thovu silitsetsereketsa zitsulo.

Oyilo wakaleyo muyang'aneni musanamuchotsepo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu injini, kawirikawiri ndi head gasket, chomatira cha pakati pa mutu ndi thunthu la injini, imene yawonongeka. Mukaona tizitsulo tonyezimira, ma bearing akudyeka. Oyiloyo muthireni m'chigubu chopanda kanthu mukasiye ku garaja, osati m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, ndipo sambani m'manja ndi sopo. Lembani makilomita a tsikulo. Ngati mumayenda misewu yafumbi kapena maulendo afupiafupi a m'tauni, musapitirire 5,000 musanasinthenso.

Wofunsa: Ndamva bwino akuluakulu. Nditenga 10W-40 chifukwa oyilo amatsikako pang'ono pa dipstick, ndipo ma stand ndibwereka Lachisanu.