Oyilo wa jenereta yoyendera gasi wa ndowe

Mlimi wa ku Bvumbwe: Akuluakulu, jenereta yanga imayendera gasi wa ndowe za ng'ombe zanga zamkaka. Ndimathira oyilo wa dizilo, 15W-40, koma pulagi ikumachita kutuwa mbuu ngati yagwera pamoto. Chavuta n'chiyani?

Makaniko wa ku Luchenza: Ndi phulusa limenelo, achimwene. Oyilo wa dizilo amasiya lambiri, limakakamira papulagi ndi mavavu. Gulani wa injini za gasi, wa phulusa lochepa, cha m'ma 0.5%. Kafunseni ku Limbe.

Mayi wa ku Chonde: Musapusitsidwenso ndi maonekedwe, bambo. Gasi sadetsa oyilo, koma fungo lija la dzira lovunda limasanduka asidi m'katimo. Yathu inadyeka mabering'i oyilo akuoneka bwinobwino, ndinatsala pang'ono kulira. Pano gasiyo timamusefa ndi tizitsulo tadzimbiri, oyilo timasintha msanga.

Mlimi wa ku Bvumbwe: Kani fungolo n'loononga? Ine ndinkangotseka mphuno basi. Loweruka ndilawirira minibasi.