Za timabowo ta oilo pa lathe yanga ija: zatheka

Akuluakulu, sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake oilo amabwerera m'mwamba ndikamathira pa timabowo tokhala ndi kampira kachitsulo tija ta pa lathe yanga (makina osema zitsulo pozizungulitsa), m'malo molowa. Amene munati muli girisi, munalasa. Mwini wake wakale wa latheyi ankapopera girisi poganiza kuti ndi manipo ngati a galimoto. Girisiyo anasakanikirana ndi tizidutswa ta chitsulo n'kuuma gwa, ngati phula.

Kuchotsa tizitsulo ta timabowoto sikunavute monga ndinkaopera. Timeneti sitimangidwa, timangokhomeredwa. Ndinakankhira kampira pansi, n'kulowetsa sikuluwu yaing'ono pabowopo, kenako n'kukoka ndi pulayala. Tisanu tinatuluka bwinobwino. Kachisanu ndi chimodzi kanaphwanyika, sipuling'i yokankha kampira n'kugwera m'kati, moti ndinatha theka la ola ndikuiwedza ndi kawaya. Musachite changu ngati ine.

Ntchito yeniyeni inali kutsuka tinjira ta oilo. Ndinachotsa sadulo yonse (chitsulo choyenda pa lathe chonyamula mpeni wosemera), kuthira palafini, kutokosa ndi waya, kupopera mphepo, kubwerezanso mpaka palafini anayamba kutuluka woyera. Zimene zinatuluka poyamba zinali zakuda bii.

Tatsopano yezani kaye musanagule. Tanga tinayi ndi ta mamilimita 6, tiwiri ta 8, pamene ine ndinkaona ngati n'tofanana tonse. Pokhomera ndinaika kachitsulo ka mkuwa pamwamba kuti hamala isaphwanye mkombero.

Panopa ndikuthira oilo wa makina wolembedwa ISO 68, osati wa injini. Sadulo ikuyenda ndi zala ziwiri zokha. Chatsala ndi kachitini kothirira, chifukwa kamlomo ka kanga sikatseka bwino pa kampira ndipo oilo wambiri akuthera pambali.