Laputopu tigule kapena foni ikukwana?

Wa ku Dedza: Anzanga mwaswera bwanji. Dzulo pa orientation ya maphunziro athu a pa intaneti madamu a kusukulu aja anati aliyense akhale ndi laputopu, koma ine fizi yokha yandisiya mmanja muli mbee, ndiye tiguledi kapena foni ikwana?

Mphunzitsi wa pulayimale: Ine ndinalowa pa foni zonse zinayenda bhobho, pa Zoom ndinangozimitsa kamera kuti bandulo isathe msanga. App ya Moodle, momwe amatiikira maphunziro, imalola kudawuniloda manotsi nkumawerenga opanda netiweki. Laputopu ya chani, ndalama imeneyo kwathu ndi ya feteleza

Wa chaka chachiwiri: Aphunzitsi musanyengeke ndi sabata yoyamba, ija ndi yongodziwana, kuyika chithunzi, kulemba kuti ndine wakuti ndimakhala kwakuti basi. Dikirani asayimenti ya masamba 10, Times New Roman 12, ma reference a APA (kalembedwe kotchulira mabuku omwe mwagwiritsa ntchito). Ine semesita yoyamba ndinalemba pa foni mpaka chala chachikulu kuchita dzanzi, nditatumiza tebulo lonse linali litabalalika manambala ali pena mitu ili pena, ndipo quiz ina mwamuna wanga anayimba ili mkati nthawi nkumawerengabe kkkk

Mphunzitsi wa pulayimale: Nanga magetsi akazima? foni ndimatchaja pa kasola, laputopu muyitchaja pati

Wa ku Dedza: Apo mwanena zoona, kuno tsiku lathunthu zii

Wokonza mafoni: Pali njira yapakati, gulani kiyibodi ya Bluetooth kapena ya waya ndi kachingwe ka OTG kolumikizira zipangizo za USB ku foni, mulumikize muzilemba mu Word kapena Google Docs. Koma mukafuna laputopu ya kaunjika musathamangire kutchipa. Uzani wogulitsa achotse tchaja muli pomwepo muone ngati batire ikugwira, zambiri zimathima nthawi yomweyo. RAM (memory yogwirira ntchito) ikhale 8GB, ndi SSD (disiki yothamanga yosungira zinthu). Windows 10 Microsoft inasiya kuyisamalira mu October 2025 ndipo Windows 11 imafuna Intel ya 8th gen kupita mtsogolo, ndiye akakuuzani kuti Core i5 mufunse ya gen yanji

Wa chaka chachiwiri: Kiyibodi ithandiza kulemba inde koma kuwerenga PDF uku ukulemba pa kasikirini kamodzi? maso mudzatha nawo. Ndipo statistics ikubwera, SPSS, pulogalamu yowerengera statistics, pa foni siyilowa

Mphunzitsi wa pulayimale: Statistics ndi semesita iti?

Wa chaka chachiwiri: Yachiwiri

Wa ku Dedza: Ndiye ine ndiyamba ndi kakiyibodiko, laputopu ndikagulitsa mbatatesi. Achimwene okonza mafoni, OTG ya Type-C muli nayo?