Konekita ya eriyo ya tracker ikumamasuka pa msewu wa ku Nyamapanda: ndikhalebe pa SMA kapena ndipite ku FAKRA?

Banda_waku_Dzivarasekwa

Moni akuluakulu nonse. Ndabwera ndi nkhani ya kachitsulo kochepa ngati njere ya nyemba, koma kandidanitsa ndi munthu.

Ndili ndi malole awiri onyamula katundu wa amalonda kuchoka pa Mbare mu Harare kupita ku Blantyre, kudzera ku Nyamapanda, Tete, Zóbuè mpaka Mwanza. Onse awiri ndinawaikitsa tracker, kabokosi koonetsa pa foni pomwe galimoto ili, chaka chatha. Imodzi ilibe vuto. Inayi ikangopitirira pa Mutoko, kadontho ka pa foni kamaima. Mwezi wathawu kanaima pa Kotwa masiku awiri athunthu, ine nkumaganiza kuti dalaivala wapatukira kwa chibwenzi ndi katundu wa eni ake. Ndinamuimbira nkumulankhula mawu oti sindingawalembe pano. Iye sanayankhe zambiri, anangonditumizira chithunzi ali pa mzere wa malole pa Mwanza.

Chondizunguza mutu nchakuti tracker imatumizabe uthenga woti injini yalira, yazima, batire ili mwakuti. Malo okha ndi amene sasintha.

Lole itabwerako ndinasuzumira pansi pa dashibodi. Kabokosi kali ndi polowetsa mawaya pawiri pa mtundu wa golide, pena palembedwa GPS (pa eriyo yopezera malo), pena GSM (pa netiweki ya foni). Nati ya pa GPS inali yomasuka, yozungulira ndi chala chimodzi. Ndinaimanga ndi pulaya mpaka dzanja kuwawa. Ulendo wotsatira, vuto lomwe lija. Nditatsegulanso ndinapeza nati ili gwa, koma waya ukuzungulira wokha kumbuyo kwa konekita. Ndinathamangira ku msika wa Magaba ku Mbare nkugula eriyo ina ya maginito. Konekita yake yofanana ndendende, imamangika bwinobwino, koma setilaiti ngakhale imodzi osagwira.

Mnyamata wina wa pa Kaguvi Street akuti ndisiye konekita za nati zimene ndili nazozi, zotchedwa SMA, ndiike zapulasitiki zamitundumitundu zija amati FAKRA, ngati za mu Benz. Kodi nzoona? Ndi konekita iti imene ingapirire mabampu ndi maenje a njira imeneyi?

Malume_Graniteside

A Banda, pepani ndi zomwe zakuonekerani. Ine ntchito yanga ndi yamagetsi a galimoto, ndipo ma tracker ndaika ambiri. Ndiyambe ndi eriyo yomwe munagula ku Magaba, chifukwa ndikukhulupirira kuti siyakufa ayi. Imasuleni, muyang'ane m'kati mwa nati. Ngati muli kasingano kotuluka pakati, imeneyo ndi SMA yeniyeni. Ngati muli kabowo, mwagula RP-SMA, ya pa ma router a WiFi. Nati yake ndi yofanana, imamangika mosavuta, koma m'kati bowo lakumana ndi bowo. Palibe chokhudzana. Ogulitsa ambiri sadziwa kusiyana kwake, amangoona kuti yalowa.

Tsopano chifukwa chimene GPS imafa pomwe GSM ikugwirabe ntchito. Netiweki ya foni ndi yamphamvu, nsanja ili pafupi, ndiye ngakhale waya utakhudza pang'ono uthenga umapita. Koma siginolo ya GPS imachokera ku setilaiti zomwe zili pa mtunda woposa makilomita 20,000, pa 1575.42 MHz, ndipo imafika pansi itatheratu mphamvu. Nchifukwa chake m'kachigoba kakuda ka eriyo muja muli amplifier, kachipangizo kokulitsa siginolo. Magetsi ake, 3 mpaka 5 volts, amachokera m'kabokosi ka tracker kudzera m'kasingano komwe kaja. Kasingano kakangosiya kukhudza, amplifier yazima, basi kadontho kaima pa Kotwa.

Pulaya ija ndiyo inamaliza konekita yanu yoyamba. SMA imafuna sipanala ya 8 mm, ndipo ya mkuwa imamangidwa pang'ono chabe, cha m'ma 0.5 Nm pa muyeso wa mphamvu yomangira nati. Mumange ndi zala mpaka italimba, kenako sipanala mungoikankha pang'ono, dzanja lina litagwira thupi la konekita kuti lisazungulire limodzi ndi nati. Inu munazungulitsa zonse, timawaya ta m'kati tinapotoka nkuthothoka.

Za FAKRA mnyamatayo sananame, koma wangokuuzani theka. FAKRA anaipanga a ku Germany kuti igwire ntchito m'galimoto. M'kati mwake ndi konekita yongokankha yotchedwa SMB, kunja anaiveka pulasitiki yokhala ndi kaloko kolira kuti "khethe" ikalowa. Ilibe nati, ndiye palibe choti chimasuke ndi kugwedezeka. Mtundu uliwonse uli ndi timizere take kuti usalowe pa malo a unzake: ya buluu ndi ya GPS, yofiira moderako ngati vinyo ndi ya netiweki ya foni, yakuda ndi yoyera ndi za wailesi. Palinso ina ya buluu wotuwa ngati madzi, kodi yake Z, yomwe imalowa pafupifupi paliponse. Imeneyo ndimayenda nayo m'bokosi la zida nthawi zonse.

Koma kabokosi kanu kali ndi SMA. Mukagula eriyo ya FAKRA mufunika kachingwe kolumikizira, ndiye kuti SMA ija ikhalapobe, kungoti mwawonjezera mfundo ina. Mfundo iliyonse ndi malo ena oti padzavute. Ine ndikanakhala inu ndikanasiya SMA pa kabokosi. FAKRA ndikanaiika pokhapokha ngati waya ukufunika kumadulidwa pakati, monga pa malole omwe mutu wake umapendekeka mukamaona injini.

Ndipo ndikuuzeni chimene ndachiona pa ntchitoyi. Konekita zambiri zimene anthu amati zafa, chafa si konekita. Ndi waya, pamalo pomwe ukulowera m'chitsulo. Waya wa eriyo zimenezi, RG174, ndi kawaya koonda, 2.8 mm basi. Mukakasiya kakulendewera pansi pa dashibodi, kuchoka Harare kukafika Tete kakhala katapindika pamalo amodzimodziwo kosawerengeka. Mangani waya ndi cable tie ku chinthu chomwe chikugwedezeka limodzi ndi kabokosi, pa mtunda wa zala zinayi kuchoka pa konekita, mutasiya kakhota pang'ono kuti usakokeke. Osafinya kwambiri, waya wa eriyo ukaphwatalala siginolo imaonongeka. Kabokosiko nako kamangidwe, osati kungokaponya pamwamba pa mawaya ena.

Yami_Mbare

Malume anena zoona koma akutalikitsa nkhani. Ine pa ma kombi ndimangomanga SMA nkudonthezera super glue pa nati, basi. Palibe yomwe inabwerera. Komanso waya ndimawotcherera ku konekita ndi solder, zofinya ndi chopanira zija sindizikhulupirira.

Malume_Graniteside

Yami mphwanga, sizibwerera kwa iwe chifukwa zimabwera kwa ine. Mwezi wa February ndinalandira Hiace yomwe guluu anatsikira m'kati mpaka pa kasingano. Kuti ndimasule ndinathyola polowetsa pa kabokosi penipeni, mwini wake anagula tracker yatsopano. Ngati ukuopa kuti nati imasuka, veka heat shrink, kachubu ka pulasitiki komwe kamanyala nkugwira kakatenthedwa, pamwamba pa nati ndi thupi lake. Imagwira, ndipo tsiku lofuna kumasula umangoicheka ndi lezala.

Za solder, pa kasingano ka pakati palibe vuto ngati dzanja lako ndi lachangu. Koma pa ukonde wa timawaya wokuta waya kunja uja usayerekeze. Mtovu umayenderera m'timawaya nkutiumitsa, ndipo pomwe pathera mtovu mpomwe pamathyoka galimoto ikamagwedezeka. Komanso m'kati mwa RG174 muli pulasitiki yosungunuka msanga, kasingano kamapendekera mbali. Wofuna kuwotcherera agwiritse waya wa RG316, m'kati mwake ndi Teflon, imapirira moto ngakhale pafupi ndi injini. Chopanira cha makona 6 chokhala ndi bowo la 3.25 mm chimakwana mawaya onse awiriwa. Gula kamodzi, usiye kufinya ndi pulaya.

NaPhiri_Msasa

Achimwene a Banda, ine sindine wamagetsi. Ndimakhala pa kompyuta kuyang'anira malole a kampani yomwe ndimagwirako ntchito, ndiye timadontho toima timeneti ndimakhala nato tsiku ndi tsiku. Ndingowonjezera zomwe Malume sanakhudze.

Kwathu kuno chimene chinativutitsa kwambiri ndi madzi. Ma eriyo athu ali pa denga, ndipo anyamata otsuka amagwiritsa ntchito paipi yamphamvu ija. Madzi amatsata waya ngati nyerere, kutsika mpaka pa konekita. Lole ina inkasowa pa mapu m'mawa uliwonse nkubwereranso dzuwa likakwera. Tinatha masabata atatu tikukangana ndi omwe anatigulitsa tracker. Tsiku lina amagetsi athu anamasula konekita ine ndili pomwepo, m'kati munali mobiriwira ngati ndere, ukonde wa waya utada bii. Anadula mpaka pomwe mkuwa unayambanso kuwala, pafupifupi mkono wathunthu. Kuyambira pamenepo waya uliwonse amaupinda kuti utsike kaye pansi kenako ukwere kupita pa konekita, madzi azidonthera pa khotapo. Mfundo zonse za panja amazikulunga ndi tepi ya labala yomwe imadzimata yokha ukaikoka. Tepi wamba wakuda amamatuka ndi dzuwa la ku Tete. Ndipo musaganize kuti FAKRA iliyonse siilowa madzi. Zilipo zotseka ndi labala, koma zambiri zomwe mungapeze m'tauni ndi za m'kati mwa galimoto.

China, musalole wina aliyense kumangotsegula kabokosi ka tracker. M'kati mwa tambiri muli kakonekita kakang'ono ngati batani la malaya a mwana, U.FL, kolumikiza bolodi ndi SMA ya kunja. Kameneko anakapanga kuti kachotsedwe ndi kubwezeretsedwa maulendo pafupifupi 30 okha, pomwe SMA imafika 500. Mukamanga nati ya kunja mwankhanza, SMA ya pa kabokosi imatha kuzungulira nkukoka kachingwe kameneko m'kati. Poti munagwiritsa pulaya, onetsetsani kuti pamenepo sipakugwedera.

Dalaivala uja mwamupepesa?

Banda_waku_Dzivarasekwa

Zikomo kwambiri nonse. Ndabwera kudzanena momwe zathera.

Malume, munalasa. Eriyo ya ku Magaba ili ndi bowo, ndi RP-SMA. Ndaipatsa mwana wa mlongo wanga aziseweretsa maginito ake. Loweruka ndinabwereka multimeter kwa neba, nditayatsa tracker ndinayeza pakati pa kabowo ka GPS ndi chitsulo chakunja, mosamala kuti zisagundane. Inawerenga 3.3 volts, ngakhale ndikamagwedeza, kusonyeza kuti kabokosi ndi kamoyo ndipo kachingwe ka m'kati komwe achemwali a NaPhiri amanena sikanathothoke. Mtima unakhala pansi.

Kenako ndinatsata waya wakale kuchokera pa dashibodi kupita ku denga. Amene anaika anaudutsitsa pa mphira wa chitseko cha dalaivala. Pamenepo unali utaphwatalala ngati lamba, khungu litang'ambika, ukonde ukuonekera. Ndiye kuti mavuto anali awiri, pa konekita ndi pa chitseko, ine ndimangolimbana ndi nati.

Ndagula eriyo ina, ulendo uno ndinayang'ana kasingano ndisanapereke ndalama. Inalipo ya waya wa mamita 5 ndi ya mamita 3, ndinatenga ya 3 chifukwa wogulitsa yemweyo anavomereza kuti kawaya koonda kotere kamadya siginolo yoposa 1 dB (muyeso wa mphamvu ya siginolo) pa mita iliyonse. Sindinaitulutsenso panja. Ndaimata pamwamba pa dashibodi pafupi ndi galasi lakutsogolo, pomwe ikuona kumwamba bwino, waya sukudutsanso pa chitseko. Nati ndamanga ndi sipanala ya 8, heat shrink pamwamba, cable tie ziwiri. Lole inanyamuka Lachiwiri usiku, ndinaitsata pa foni mpaka inadutsa Mutoko, Kotwa, nkuima pa Nyamapanda. Lero m'mawa kadontho kali ku Tete.

Za kupepesa, achemwali, ndinapita kunyumba kwake ku Epworth ndi nkhuku. Mkazi wake analandira nkhukuyo, iye sananene kanthu.

Malume, lole inayo ndi ya mutu wopendekeka ndipo eriyo yake ili pa denga la bokosi lakumbuyo. Ngati ndingaike FAKRA pakati monga munanenera, ya buluu yotseka madzi imapezeka kuno ku Harare, kapena ndituma a mabasi a ku Johannesburg?